Apongozi pa Meza ya Pakona

Maganizo opita ku Cuamba anandibwerera ndili m'tchire la chitedze. Sindinalowemo mofuna. Ine ndinkachokera kudimba, apongozi ankachokera kumtsinje, ndipo njira inali imodzi. Achinyamata a lero mwina simungamve, poti inu apongozi mumajambulitsa nawo chithunzi mutagwirana m'mapewa. Kwathu ku Ngauma nthawi imeneyo mkamwini sankayang'anana m'maso ndi mayi a mkazi wake. Ukawaona akubwera unkapatuka, ndipo popanda kopatukira unkatembenuka n'kugwada. Sunkadya iwo akuona, sunkawapatsa chinthu m'manja, ndipo mawu akakhalapo ankadzera mwa munthu wina. Tsiku limenelo ndinapatukira kumene kunali pafupi, ndipo kumene kunali pafupi kunali chitedze. Ndinaima mmenemo thupi lonse likuyaka, apongozi akudutsa pang'onopang'ono ndi mtsuko wawo ngati akufuna singano m'njira. Atangopita ndinati mumtima, basi, ine ndikupita kutawuni kumene munthu amayenda pakati pa msewu.

Tinali titangobwera kumene kuchokera ku Malawi, kumene nkhondo inatithamangitsira ndili mnyamata. Sukulu yanga yochepayi ndi ya kumeneko, ndipo ndinaisiya pamene aphunzitsi anayamba kugawa zinthu zosagawika. Ndinakwatira Rozalina n'kukakhala kwawo monga mwa mwambo, ndipo munda wa fodya umene ndinkaweramira chitulukire dzuwa unali wa amayi ake. Mwana tinali naye mmodzi, Lusiya, akadali wokwawa. Madzulo ake, Rozalina akundipaka phulusa kumsana, ndinamuuza.

"Mukagwira ntchito yanji kumeneko?" anandifunsa.

"Iliyonse yovala nsapato."

"Chipwitikizi mumachidziwa?"

"Ndimadziwa kupereka moni."

"Ndiye akakulipirani moni." Anapaka phulusa lina mwamphamvu kuposa mmene chitedze chinkafunira.

Atsibweni ake a Rozalina, a Benjamini, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu, sanakane. Anangoti, "Pitani, bambo. Koma fodya akafika pothyola tikuoneni pano. Tikathyola tokha tidzadziwa kuti mwana wathu alibe mwamuna, ndipo tidzachita zimene anthu amachita ndi mwana wopanda mwamuna." Ndinavomera msanga. M'mutu mwanga ndinali nditagula kale njinga, ndikutsika nayo chitunda belu likulira, apongozi ndiwo akundipatukira.

Pa Mandimba ndinakwera kamiyau, lole yonyamula nyemba. Wothandiza dalaivala, amene ankakweza matumba ndi kuthira madzi mu injini, anali Myao wina dzina lake Che Saide, munthu wamfupi wa pakamwa posatseka. Msewu umenewu lero ndi wa phula, ana inu mumagona m'chapa, kaminibasi kaja, n'kukadzukira ku Cuamba. Nthawi yathu unali fumbi lofiira lokhalokha. Ndinavala malaya anga oyera kuti ndikafike ngati munthu woyenera ntchito, koma ndinafika ngati chulu chimene chaphunzira kuyenda.

Che Saide anandilandira m'kachipinda kake kuseri kwa merikado, msika wa m'tawunimo, kumene ankagona kamiyau ikachezera ku Cuamba. Iye yemweyo ndiye ananditengera kwa a Dona Zulmira, eni ake a pensau ina pafupi ndi siteshoni, malo odyera ndi ogona apaulendo. A Dona anali mayi wa thupi, wochokera kutali kumwera, ndipo Chinyanja chawo chinali chokalipira basi. Atamva kumene ndinakulira anandipatsa dzina lakuti Malawi, anandimanga aventali, kansalu kakutsogolo kaja, n'kundipatsa bandeja yonyamulira mbale.

Ntchito yake inkaoneka yosavuta. Sitima ya ku Nampula ikafika masana, anthu ankakhamukira mkati onse nthawi imodzi, onse anjala, ndipo iwe unkangowapatsa chakudya. Koma ine ndinaleredwa bwino. Kwathu munthu sumupatsa ngakhale madzi usanamufunse za kumene wachokera. Choncho tsiku loyamba ndinanjuta pambali pa mkulu wina wa imvi n'kuyamba kumufunsa za ulendo, za ana, za mvula ya kwawo. Mkuluyo anali woleredwa bwino ngati ine, ndipo anayankha zonse mofatsa, mpaka za mbuzi yake imene inadwala. Kumbuyo kwanga anthu ankamenya mameza ndi masipuni.

"Malawi," anatero a Dona ataima pakhomo la kukhitchini, "ukuwafunsira ukwati?"

Za nkhuku zija ndimakanabe mpaka lero kuti wolakwa ndinali ine. Bambo wina wogula nyemba, wa mimba yotsogola, anaitanitsa nkhuku yowotcha. Nditamuikira mbale anamva kalankhulidwe kanga, anazindikira kuti ndine wa kwathu, ndipo anati, "Tiyeni tidye, achimwene." Tsono kwathu kukana chakudya ndi kunyoza munthu. Ndinasamba m'manja, ndinakoka mpando, ndinapemphera pang'ono, n'kuyamba ndi ntchafu. Bamboyo anasiya kutafuna. Anayang'ana ntchafu ija ikupita ngati mmene munthu amayang'anira sitima imene yamusiya. Ndinali nditafika paphiko pamene chipande cha a Dona chinandipeza m'khosi.

Che Saide anaseka mpaka kugwa pamphasa. "Kuno munthu akakuitanira chakudya umati zikomo n'kupitirira," anandiuza.

"Nanga amaitaniranji?"

"Kuti iwe ukane."

"Akanatero kuti tiyeni mukane."

Malaya oyera aja anali amodzi, ndipo a Dona ankafuna aziyera tsiku lililonse. Madzi a ku Cuamba nthawi imeneyo ankavuta, ndipo ukawapeza anali a mtundu wa thobwa. Ndinkachapa ndikaweruka, kuyanika pamsomali, m'mawa n'kuvala akadali onyowa kuti aumire pathupi. Tsiku lina ndinati ndikhaleko munthu, ndinabwereka simbi ya makala kwa telala woyandikana nafe. Ndikusita, khala linagwa pakati penipeni pa msana n'kuboola dzenje lolowa chibakera. Singano ndinalibe, nsalu yoyera ndinalibe. Kuyambira pamenepo ndinkagwira ntchito msana uli kukhoma, ndikuyenda cham'mbali ngati nkhanu, ndipo pobwerera kukhitchini ndinkabwerera chambuyo, nkhope ili kwa anthu odya. A Dona anandiyamikira kamodzi kokha m'moyo wawo, ndipo panali pamenepa. Anauza wophika kuti Malawi wayamba kuphunzira ulemu wa m'mahotela akuluakulu.

Wotchi ndinalibe. Chondidzutsa chinali kulira kwa sitima yopita ku Nampula, imene inkanyamuka mbandakucha. Palibe anandiuza kuti pali masiku amene siinyamuka. Tsiku lotero ndinagona mwaufulu mpaka dzuwa linandipeza kudzera pabowo la denga, ndipo nditafika kuntchito anthu anali atamaliza kale matabishu, chakudya cham'mawa chija. Ndinayesa kufotokoza kuti wochedwa ndi sitima, osati ine. A Dona anati ndikapemphe malipiro a tsikulo kwa sitimayo.

Nsapato ndinagula za kalamidadi, zakale zija zimene amaunjika pansi mu merikado. Zinali zokongola, koma mwini wake woyamba anali ndi mapazi a mwana. Mvula yoyamba itagwa, yakumanja inatsegula pakamwa, ndipo ndinkaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndiye njinga yanga yonse ya ku Cuamba inali imeneyo, kamphira kamodzi.

Za ndalama ndinene mosabisa. Malipiro analipo, koma ankafika kwa ine atadutsa m'manja mwa makapu. Kapu iliyonse yosweka a Dona ankachotsa pa malipiro anga, ndipo makapu a pensau ija ankandida. Ena ankasweka ndikangowayang'ana. Zotsala ndinkagawana ndi mwini nyumba, wogulitsa sopo ndi wogulitsa makala. Mwezi ukatha ndinkagona ndi mametikali m'thumba tsiku limodzi lokha, ngati alendo odutsa.

Mdzukulu wanga Telmo, mwana wa Lusiya yemwe uja, akugwira ntchito ku Cuamba komweko tsopano, m'sitolo ya zitsulo za njinga zamoto. Amandiimbira kudandaula. Akuti magetsi anazima, telefoni inatha moto, siinamudzutse. Akuti wa njinga yamoto anamuthira matope pa thalauza. Akuti abwana ake amamutumizira mauthenga ngakhale Lamlungu. Pomaliza amati, "Agogo, inu simungamvetse." Ine ndimamuuza kuti ndikumvetsa, mwana wanga, telefoni yako ndi sitima yanga ndi pachibale. Ndimamufunsanso ngati anadyapo nkhuku ya munthu wogula. Akati ayi, ndimamuuza kuti ndiye ntchito sanaiyambe.

Chimene Telmo alibe ndi Lamlungu langa. Pensau inkatseka masana, Che Saide nthawi zambiri anali paulendo, ndipo ine ndinkatsala ndekha ndi malaya ali pamsomali. M'tawuni monse munalibe wondiitana kuti bambo a Lusiya. Ndinkapita pamalo pamene magalimoto a ku Mandimba ankaima, n'kukhala pamwala ngati ndikudikira munthu, pamene ndinkangofuna kumva anthu akukangana m'Chinyanja. Tsiku lina mayi wina anakalipira mwana wake ndi mawu enieni a Rozalina, ndipo ndinamutsatira mpaka pachigayo asanatembenuke n'kundifunsa ngati ndili bwinobwino.

Mauthenga ankayenda pakamwa pa Che Saide, poti kamiyau yawo inkafika mpaka kwathu kukatenga nyemba ndi chimanga. Wanga unali umodzi nthawi zonse: "Kawauze kuti zonse zili bwino." Ndikakhala ndi kanthu ndinkawonjezerapo sopo kapena kamchere. Mayankho a Rozalina ankasintha. Woyamba unali wakuti Lusiya wayamba kuyenda. Wina unali wakuti fodya awokera. Kenako unabwera wakuti masamba apansi ayamba chikasu.

Ndinkadziwa tanthauzo la masamba achikasu. Koma ndikanabwerera ndi chiyani? Munthu amene anachoka akulonjeza belu sangabwere ndi kamphira. Ndinati ndidikire mwezi umodzi, makapu aleke kusweka. Mwezi unatha, makapu sanamve. Ndinadikiranso wina. Fodya anathyoledwa, anapachikidwa m'chigafa, ine ndikuyendabe cham'mbali ku Cuamba.

Ulendo wotsatira Che Saide anabwera osaseka, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa mawu ake. Anati Lusiya wayamba kulankhula ndipo akuitana a Benjamini kuti atate. Anatinso pali bambo wina wofedwa mkazi, dzina lake Gaspari, amene anathandiza kuthyola fodya popanda womupempha, ndipo ali ndi njinga yeniyeni ya mawilo awiri. A Benjamini anali atanena kuti chimanga chikalowa m'nkhokwe ankhoswe akhala pansi, ukwati wanga uthe.

"Rozalina akuti chiyani?" ndinamufunsa.

"Anangondibwezera sopo wako."

Chimanga chinali chikukololedwa pamene tsiku lija linafika. Sitima inali itangofika, pensau itadzaza mpaka pakhomo. Ndinatuluka kukhitchini ndi bandeja yodzaza mpunga ndi nsomba, ndipo ndinaona Che Saide akulowa. Kumbuyo kwake kunali mayi wamng'ono thupi, mtolo uli pamutu. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, koma mapazi ndinkawadziwa kuposa anga, poti zaka zonse za ukwati wanga ndinkangoona mapazi amenewo. Apongozi anali atakwera kamiyau ya nyemba n'kubwera ku Cuamba.

Ndinayang'ana kumanzere, khoma. Kumanja, meza. Tchire panalibe. Ndinatembenuka n'kugwada pakati pa anthu, bandeja ili m'mwamba, dzenje la malaya lili poyera kwa aliyense wofuna kuona.

Apongozi nawonso ankadziwa mwambo. Anakakhala pa meza ya pakona pafupi ndi khomo, anayang'ana kukhoma, n'kufunda kapulana, chitenje chawo, kumutu. Kenako ndinamva mawu awo, otsika, akulankhula ndi Che Saide.

"A Fabiyano," anafuula Che Saide kudutsa mameza onse, akunditchula dzina langa lenileni, "akuti akufuna sha ndi pawu." Ndiwo maina a tiyi ndi buledi kumeneko.

"Auzeni kuti ndamva. Afunseni ngati ayenda bwino."

"Akuti ayenda bwino, koma msana. Akuti nanga inu mwaswera bwanji."

"Auzeni kuti zonse zili bwino."

"Akuti akuona."

Anthu anasiya kudya. Amakhuwa ena amene sankamva Chinyanja anayamba kufunsa anzawo kuti chikuchitika n'chiyani, ndipo bambo wina amene nsomba yake inali pamutu panga anaimirira n'kudzitengera yekha. A Dona anatuluka akupukuta manja.

"Malawi, ukupemphera?"

"Ndi apongozi, Dona."

"Muno mulibe apongozi. Muli anthu odya ndi anthu opereka. Dzuka, ukapereke sha."

Ndinadzuka. Ndinaganiza kuti pali njira yosangalatsa onse awiri. Kuyenda chambuyo ndinali nditakuphunzira kale, ndiye ndinatenga kapu ya sha ndi pawu pa bandeja n'kuyamba ulendo wopita pakona msana uli kutsogolo. Che Saide, amene ntchito yake inali kulondolera kamiyau ikamabwerera m'mbuyo, anaona kuti nthawi yake yakwana. Anaima pakati, anakweza dzanja.

"Bwera, bwera, bwera. Kumanzere pang'ono. Wongola. Bwera. Pali dengu, khota. Ayi, kumanzere kwako, osati kwanga."

Anthu ena anayamba kuthandiza, aliyense m'chinenero chake. Ndinadutsa meza yoyamba bwinobwino, yachiwirinso. Pa yachitatu panali nkhuku ya munthu wapaulendo, yomangidwa miyendo pansi pa mpando, ndipo Che Saide sanaione. Ndinaiponda, inalira, ine ndinalumpha, nsapato yakumanja inatsala pomwepo. Sha anapita pamiyendo ya mkulu wina wa ku njanji wovala yunifomu, pawu anagubuduzika mpaka panja pamene galu ankadikira, ndipo kapu inachita zimene makapu ankachita akandiona.

A Dona sanakalipe, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti zafika poipa. Anathira sha wina m'kapu ina n'kundigwiritsa m'manja.

"Tembenuka," anatero. "Uyende ngati munthu, uwayang'ane kumaso, uwapatse m'manja, unene kuti imwani mayi. Ukakana, vula aventali yanga."

Ndinaima ndi kapu ija ikundiwotcha zala. Ndinaganiza za mwini nyumba, za njinga imene ndinali ndisanagule ngakhale belu lake, za manyazi obwerera chimanjamanja. Zonsezo zinkati tembenuka. Koma khosi linakana. Sindikunena kuti ndinali munthu wanzeru kapena wolimba mtima, ayi. Kungoti thupi limene linalowa m'chitedze lokha silingaphunzire zina tsiku limodzi. Ndinaika kapu pansi, ndinamasula aventali, ndinaipinda bwinobwino n'kuipereka kwa a Dona ndi manja awiri.

Vuto linatsala la kotulukira. Khomo linali pambali penipeni pa apongozi, ndipo sindikanadutsa pamaso pawo. Ndinalowa kukhitchini, ndinakwera pa mbaula yozima, n'kutulukira pazenera. Kuseri kwa zenera limenelo a Dona ankawetako abakha, ndipo abakha amakonda malo onyowa.

M'mawa mwake tinakwera kamiyau imodzi, apongozi kutsogolo ndi dalaivala, ine pamwamba pa matumba a mchere. Malipiro a mwezi umenewo anatsala kwa makapu ndi thalauza la mkulu wa ku njanji. Paliponse pamene tinaima, ku Mitande ndi ku Mandimba, iwo akatsikira kumanzere ine ndinkatsikira kumanja. Njira yonse ndinkakonza mawu okauza anthu akumudzi, kuti ntchito inali yabwino koma nyengo ya ku Cuamba sinandiyanje.

Mawu amenewo sindinawagwiritse ntchito. Nditangotsika, ana a m'mudzi anandizungulira, ndipo mmodzi, wopanda ndi mano akutsogolo omwe, anati, "Tiyeni tidye, achimwene." Mnzake anakoka chitsa n'kukhala pansi, akunamizira kusamba m'manja. Ena awiri anayamba kuyenda cham'mbali, misana ili kukhoma la nkhokwe. Ndinayang'ana Che Saide.

"Uthenga wako ndinkapereka wonse," anatero akumasula chingwe cha matumba. "Ndinkati zonse zili bwino. Tsono anthu ankafunsa kuti bwino wake wotani. Ukanafuna ndiwanamize?"

Mudzi wonse unkadziwa za nkhuku, za simbi, za sitima, za kamphira. Pofika mawa lake ana anali atawonjezera sewero latsopano, wina akuyenda chambuyo ndi lichero, mnzake akufuula kuti kumanzere pang'ono.

Ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango kwa a Benjamini. Mkulu wanga, amene anali nkhoswe ya kuchimuna, anangoyang'ana nyerere. Rozalina anakhala chapatali, Lusiya ali pamiyendo, ndipo mwanayo ankandiyang'ana ngati wogula nyemba. Gaspari analiponso, ngakhale palibe anamuitana, akupukuta njinga yake ndi kansanza.

"Fodya tathyola tokha," anatero a Benjamini. "Tapachika tokha, tagulitsa tokha." Anawonjezera kuti chaka chimenecho anachita bwino kuposa chaka chimene ine ndinalipo, ndipo mawu amenewo anandipweteka kuposa chipande cha a Dona. Ine ndinkaganiza kuti munda uja unaima pa msana wanga. "Tsono inu, bambo, mwabwera ndi chiyani?"

"Ndabwera ndi ine," ndinayankha.

"Ameneyo tinali naye kale, sanatithandize."

Anthu anaseka, ndipo ndinaona kuti zatha. Pamenepo mawu anachokera kuseri kwa nkhokwe, kumene apongozi anakhala kuti tisaonane. Ankalankhula ndi mlongo wawo, a Benjamini.

"Achimwene, ine ndinapita kukaona ngati kuli mkazi wina. Che Saide anandionetsa chipinda chake. Kulibe mkazi amene angalowe mmenemo, ndi mbewa zomwe zinasamuka. Ntchito yakenso ndaiona. Saidziwa." Ine ndinaona kuti ndikumira. "Koma ntchito yomweyo, imene inali yokhayo, anaitaya pamaso pa anthu kuti asandiyang'ane kumaso. Uyo wa njingayo anandiimitsa panjira osatsika n'komwe, phazi limodzi pansi, n'kundifunsa kuti munda wathu umathera pati."

Gaspari anasiya kupukuta.

"Ine ndanena zimene ndaona," anamaliza apongozi. "Funsani mwini wake."

Onse anatembenukira kwa Rozalina. Iye sanandiyang'ane. Anakonza kansalu ka mwana, anachotsa kaudzu m'tsitsi lake, n'kunena kuti, "Khasu lawo lili pomwe analisiya. Mpini wadyedwa ndi chiswe, akaseme okha wina."

A Benjamini anatsokomola n'kunena kuti ndiye nkhani yatha. Gaspari anakwera njinga yake, ndipo popita sanaimbe belu.

Madzulo ake Rozalina anandiuza kuti patsala chinthu chimodzi. Amayi ake akuti anayenda ulendo wonse uja, anaitanitsa sha, ndipo mpaka pano sanamwe. Choncho m'mawa ndinakoleza moto, ndinapempha masamba ndi kashuga kwa mkazi wa a Benjamini, ndinaika kapu palichero, n'kuyenda chambuyo kudutsa bwalo lonse popanda wondilondolera. Ndinaika lichero pakhomo pawo, ndinagwada nditafulatira, n'kuomba m'manja. Ndinamva dzanja likukoka lichero. Kenako mkati munayamba phokoso lachilendo, ngati munthu amene chakudya chamulowa kolakwika. Ndinachita mantha kuti sha wawawotcha pakhosi, ndipo ndinaitana Rozalina kuti alowe msanga.

Anakhalitsa mkatimo. Potuluka ankapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu.

"Atsamwa?" ndinafunsa.

"Akuseka."

"Amayi amaseka?"

"Inu mungadziwe bwanji, poti mumangowaona mapazi? Che Saide akafika, ndi iwo ankatuma mwana kukamuitana, n'kumuphikira mbatata kuti anenenso ya nkhuku ija. Akuti ku pensau kuja kapulana anailuma mpaka kuiboola kuti anthu asamve." Anandipatsa kapu yopanda kanthu. "Akuti mawa mubweretsenso. Shuga wachepa."

Ndinabweretsa mawa lake, ndi mawa linalo, chambuyo chomwecho, ndisanapite kumunda. Ndinabweretsa mpaka sabata imene tinawaika m'manda, ine nditamera kale imvi, ndipo shuga sanakwanepo ndi tsiku limodzi lomwe.